Kampope ka m'Cimbudzi: Nchito ya Mmawa Umodzi Imene Ingadetse Madzi a Komboni Yonse

Nkhani za ku cimbudzi sizikambidwa pa bwalo, ndipo ngakhale m'nyumba mwana waulemu sazichula pamaso pa apongozi. Komabe m'komboni ya Kapata, monganso m'makomboni ena a mzinda wa Chipata, muli mabanja amene akusunga nkhalamba zocokera ku mudzi, amai amene angobereka kumene, ndi odwala amene msana kapena mkono sulola kuti atembenuke ndi kudzipukuta bwino. Kwa anthu otere ulendo wa ku cimbudzi ngwowawa ndiponso ngwocititsa manyazi, makamaka pamene afunikira kuitana mdzukulu kuti awathandize. Ciripo cipangizo cacing'ono cimene cingabwezere munthu wotere ulemu wake, ndipo mwini nyumba amene ali ndi sipanala ziwiri angacilumikize yekha dzuwa lisanafike pa liwombo.

Azungu amacicha bidet, liu la Cifalansa limene pochula amati "bide". Tanthauzo lake lakale ndi kavalo wamng'ono, cifukwa beseni loyamba, limene linafala ku France kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700, munthu ankalikhalira mwendo uku mwendo uku ngati wakwera pa kavalo. Ku Italy lamulo la m'caka ca 1975 linanena kuti nyumba yokhalamo anthu ikhale ndi beseni lotere m'cipinda cosambira. Ku Japan kampani ya Toto inayamba mu 1980 kugulitsa cokhalira ca pa cimbudzi cimene cimafaitsa madzi ofunda ndi mphamvu ya magetsi. Zonsezo nza ndalama zambiri, ndipo beseni la Cifalansa limafuna kuswa simenti ya pansi ndi kuyala paipi yaceyace yotulutsira madzi akuda. Nchito imeneyo nja mmisiri.

Cimene ciyenera nyumba ya ku Kapata ndi kampope ka m'manja. Kameneka ndi paipi yofewa yotalika mita imodzi ndi pang'ono, yokhala ndi mutu wonga wa shawa umene umatulutsa madzi munthu akadinikiza kacitsulo ndi cala. M'maiko a Aluya amakacha shattaf, ndipo nkofala ku India ndi ku Thailand. Kudzitsuka ndi madzi si cinthu cacilendo ku Chipata. Kwa Asilamu a mu mzindawu, Amwenye ndi Ayao omwe, ndi mwambo wa cipembedzo, ndipo m'zimbudzi zao simusowa kabigiri kapena ketulo ya madzi. Kampope kangopeputsa nchito imene kabigiri kakhala kakugwira zaka zambirimbiri.

Pali cifukwa cinanso cimene mwini nyumba amacimva m'thumba. Pepala lofewa la ku sitolo silikhalitsa m'nyumba ya anthu 8, ndipo likatha ana amatenga ciriconse cimene apeza: zitsononkho, masamba, timiyala, makatoni, masamba a makope a ku sukulu, ndiponso nyuzipepala, mwina tsamba lino lomwe. M'cimbudzi ca dzenje zimenezi zimadzaza dzenje msanga. M'cimbudzi ca madzi zimatseka paipi pa malo pamene yapindika, ndipo banja limathera ndalama kwa pulambala kapena limagwira lokha nchito ya waya ndi ndowa imene aliyense amaidziwa fungo lake. Zinthu zokhakhalazi zimakandanso khungu, ndipo kwa munthu wodwala nthenda yotupa kotulukira cimbudzi, imene ambiri amaicha mudzi, zimabweretsa magazi ndi ululu.

Zofunika kugula

Kuseri kwa cimbudzi ca madzi kuli kathanki kamene kamasunga madzi okankhira zonyansa. Paipi yodzazira kathankika imalowera m'munsi kapena m'mbali, ndipo pafupifupi m'nyumba zonse nja hafu inchi, ndiko kuti mamilimita 15. Pamenepo ndi pamene kampope kamatenga madzi ace. Mwini nyumba afunika columikizira ca makomo atatu, cimene amisiri amacicha tii cifukwa cimaoneka ngati lemba T. Valavu yaing'ono ya cogwirira yotsekera kampope pakokha. Valavu ina yolola madzi kupita mbali imodzi yokha. Kampope kenikeniko pamodzi ndi copacikira cace. Mpukutu umodzi wa tepi yoyera yokulungira pa mazinga. Ndi masikuluu awiri. Zamkuwa zimaposa zapulasitiki zopyapyala, zimene zimang'ambika munthu akangolimbitsa pang'ono.

Wanzeru amamasula columikizira cakale ndi kupita naco ku sitolo kuti akayerekeze mazinga pamaso pa wogulitsa. Mazinga ena ali kunja, ena ali m'kati, ndipo munthu amene wangoloweza pa mtima amabwerako ndi zitsulo ziwiri zosalowana. Amene akukhala m'nyumba ya lendi ayambe wapempha cilolezo kwa mwini wace. Ndipo pali malire amene sayenera kudumphidwa: mita ya madzi ndi paipi yonse ya kutsogolo kwace nza kampani ya madzi, imene ku Cigawo ca Kum'mawa ndi Eastern Water. Kukhudza kumeneko ndi mlandu. Nchito ya mwini nyumba imayambira kuseri kwa mita.

Kalumikizidwe kace

Coyamba ndi kutseka madzi a nyumba yonse pa valavu yaikulu ya pafupi ndi mita, kenaka kutsegula mpope wa panja kuti madzi otsalira atuluke, ndi kukhuthula kathanki ka cimbudzi. Pansi pa malo ogwirirapo nchito paikidwe beseni ndi cisanza, popeza madzi ena amatsalabe m'paipi.

Pomasula nati pafunika sipanala ziwiri, ina yogwira paipi kuti isatembenuke, ina yopotokola. Apa ndi pamene ambiri amalirira. Nyumba zakale ziri ndi mapaipi a citsulo amene anadyeka ndi dzimbiri m'kati ngakhale kunja akuoneka amphumphu, ndipo munthu akakakamiza ndi sipanala imodzi paipi imathyokera m'khoma. Nati ikakana, aidonthezere mafuta a makina ndi kuisiya kwa ola limodzi. Ikakanabe, nchito iime pomwepo aitane mmisiri, cifukwa malipiro a mmisiri ngocepa poyerekeza ndi kugumula khoma.

Nati ikamasuka, mazinga atsukidwe ndi kabulashi, kenaka akulungidwe ndi tepi yoyera maulendo 6 kapena 8. Tepi imakulungidwa motsata njira imene nati imazungulira polimba. Ikakulungidwa mobwerera, nati imaimasula ndi kuikankhira kunja, ndipo polumikizira pamadontha. Pamene pali kamphira kozungulira m'kati mwa nati sipafunika tepi konse, cifukwa kamphirako ndiko kamene kamatseka madzi. Tii ilowe pakati pa paipi yocokera ku khoma ndi paipi yopita ku kathanki. Pa khomo lace lacitatu palowe valavu yotsekera, kenaka valavu ya mbali imodzi, kenaka paipi yofewa ya kampope. Valavu ya mbali imodzi iri ndi mubvi wozokotedwa pa thupi lace, ndipo mubviwo uloze ku kampope. Ikaikidwa cozondoka madzi satuluka ngakhale dontho.

Ziwalo zonse ziyambe zamangidwa ndi manja mpaka zitakana, ndipo sipanala ingoonjezera pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo anai a kuzungulira. Mphamvu zambiri zimaphwanya kamphira kapena kung'amba khosi la pulasitiki la kathanki, ndipo khosi limenelo likang'ambika ndiye kuti zam'kati mwa kathanki zigulidwa zatsopano.

Copacikira cikhomedwe ku dzanja lamanja la munthu wokhala pa cimbudzi, pamene angafikire osadzuka. Pomaliza madzi atsegulidwe pang'onopang'ono, ndipo polumikizira paliponse papukutidwe ndi pepala louma. Pepala limaulula cinyezi cimene diso silinacione. Dontho siliyenera kupeputsidwa: mpope wodontha kamodzi pa sekondi iriyonse umataya malita oposa 10,000 pa caka, amene ndi migolo 50 ya malita 200, ndipo mita imawerenga dontho lirilonse. Kuyesa kwabwino ndi kwa usiku. Mwini nyumba atseke mipope yonse, alembe manambala a pa mita pokagona, ndipo awaonenso mbandakuca wina asanatunge madzi. Akasintha, pena pace pakudontha.

Ngozi imene siioneka

Zonsezi munthu angaziphunzire mmawa umodzi. Cimene sicilembedwa pa katoni ya kampope, ndipo ndico cacikulu pa nkhani yonseyi, ndi cakuti madzi a m'paipi angathe kuyenda cobwerera.

Madzi a mu Chipata amacokera ku madamu a pa mtsinje wa Lutembwe, amayeretsedwa, ndipo amakankhidwa ndi mapampu kupita ku matanki ndi ku makomboni. Nthawi yonse imene paipi njodzaza ndipo ikukankha, zonyansa sizingalowemo. Koma magetsi akathima kwa nthawi yaitali mapampu amaima, monga anthu a m'matauni ambiri a m'dziko muno anaonera m'caka ca cilala ca 2024, pamene nyanja ya Kariba inatsika kwambiri. Paipi yaikulu ingathenso kuphulika, kapena kutsekedwa kuti ikonzedwe. Zikatero madzi otsala m'mapaipi amatsetserekera ku nyumba za kumunsi, ndipo m'mbuyo mwace amasiya mpata umene umakoka mpweya. Aliyense amene anatsegulapo mpope wouma namva ukulira ngati munthu wopuma mobanika, kapena anaika cala pa kamwa pace namva cikuyamwidwa, anaiona mphamvu imeneyi. Njofanana ndi imene imasamutsa parafini kucokera mu mgolo kudzera m'paipi ya mphira, munthu akangoyamwa kamodzi. Chipata ndi mzinda wa m'cigwa pakati pa mapiri, nyumba zina ziri pamtunda zina kumunsi, ndiye kukoka kumeneku sikusowa.

Tsono ngati mwana wasiya mutu wa kampope uli m'mbale ya cimbudzi, kapena m'ndowa imene mwabviikidwa matewera, ndipo kacitsulo kace kakanirira kapena katha kotero kuti sikatseka bwino, madzi akudawo angathe kuyamwidwa kulowa m'paipi. Paipi imeneyo ndi yomweyo imene imapita ku mpope wa ku khichini, ndipo kupyolera pa mita imalumikizana ndi ya anansi. Madzi akabwera mmawa amakankha zonyansazo kupita ku mipope, ndipo mai amatunga, napatsa mwana, osaona kanthu ndi maso.

Tizirombo toyambitsa kolera, taifodi ndi kamwazi timayenda ulendo umodzi wokha, wocokera ku cimbudzi ca wodwala kupita ku kamwa kwa wamoyo. Dziko la Zambia silinaiwale mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 ku Lusaka. Anthu oposa 20,000 anadwala, oposa 700 anamwalira, bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe pa nthawi yace mu Januwale 2024. Mliri umenewo unafala kwambiri m'makomboni mmene zitsime zosaya ziri pafupi ndi zimbudzi za maenje ndiponso mmene madzi a mvula amasefukira. Kampope sikanali cifukwa cace. Koma kampope kolumikizidwa mosasamala kamatsegula njira yonga yomweyo m'kati mwa nyumba, pa paipi imene banja limaikhulupirira koposa citsime.

Ku Britain malamulo a mapaipi a m'caka ca 1999 amagawa madzi m'magulu asanu molingana ndi kuopsa kwace, ndipo a m'cimbudzi ali m'gulu lacisanu, loopsa koposa onse. Kumeneko valavu ya mbali imodzi payokha siiwerengedwa kuti njokwanira pa kampope kotere. Cifukwa cace ncomveka kwa aliyense amene anaonapo madzi oyamba kutuluka pambuyo pa tsiku louma: amabwera ofiira, ndi mcenga ndi dzimbiri. Kamcenga kamodzi kakakhala pa khomo la valavu, valavuyo siitsekanso, ndipo palibe amene angadziwe popeza madzi akupitabe kutsogolo monga mwa masiku onse. Motero valavu ya mbali imodzi njothandiza, ndipo isasiyidwe, koma siiyenera kudaliridwa yokha.

Kwa amene walumikiza kampope ku paipi ya nyumba, lamulo la pa khomo likhale lakuti munthu akatha kudzitsuka atseke valavu ya cogwirira, adinikize kacitsulo kuti madzi otsala atuluke, ndipo apacike mutu pa copacikira. Kutseka valavu kumatetezanso paipi yofewa, imene siinapangidwe kuti izisenza mphamvu ya madzi usana ndi usiku. Madzi amakankha kwambiri pakati pa usiku pamene anthu sakutunga, ndipo ndi pa nthawi imeneyo pamene paipi zotere zimaphulika, banja nkudzuka mphasa zikuyandama. Koma lamulo limasungidwa ndi akulu. M'nyumba ya ana aang'ono ndi alendo, tsiku lina wina adzaiwala.

Njira yodalirika koposa, imenenso njochipa, ndiyo kulekanitsa kampope ndi paipi ya madzi akumwa kotheratu. Kampope kakhale ndi cigubu cacecace ca malita 20 coikidwa pa thandala lokwera, pafupi ndi denga. Cigubuco cidzazidwe ndi ndowa, kapena ndi mpope umene kamwa lace lalekezera pamwamba pa mlomo wa cigubu, mpata wa zala zitatu kapena zinai, osamira m'madzi. Madzi sangalumphe mpata wa mpweya kubwerera m'mwamba, ngakhale paipi ikoke motani. Cigubu cikakhala mamita awiri pamwamba pa mbale ya cimbudzi madzi amatuluka mofatsa, ndipo cikakwezedwa mphamvu imaonjezeka. Kwa nkhalamba ndi kwa wodwala madzi ofatsa ndiwo abwino. Ubwino wina ngwakuti pa tsiku limene mipope yauma, kampope ka cigubu kamagwirabe nchito.

Nyumba zimene ziri ndi thanki yaikulu ya pa nsanja zatetezako anansi, ngati paipi ya kampani imathira madzi m'thankimo kucokera pamwamba. Koma khichini ndi cimbudzi zikamamwa pa paipi imodzi yocokera ku thankiyo, banja lenilenilo silinatetezeke, ndipo cigubu capadera cikufunikabe.

Kwa a ku mudzi

Owerenga ambiri a kwa Mpezeni, kwa Kapatamoyo, ku Chadiza ndi ku Katete alibe paipi iriyonse pa khomo, ndipo angaganize kuti nkhaniyi nja a m'tauni okha. Njira ya cigubu ndi yao. Cigubu ca mafuta ophikira citsukidwe bwino, ndipo ciboolewe pafupi ndi pansi ndi citsulo cotentha. Pa bowopo pamangidwe kampope ka pulasitiki ka nati, ndipo mbali zonse ziwiri paikidwe timphira todulidwa ku chubu cakale ca njinga, cinthu cimene sicisowa ku dera la Chipata. Kunja kwa khoma la cimbudzi aimike nsanja ya mitengo inai yolimba, popeza malita 20 a madzi amalemera makilogalamu 20. Paipi ya mphira ilowe m'kati kudzera pa kabowo ka m'khoma, ndipo kumapeto kwace kukhale mutu wa kampope kapena kavalavu wamba. Cigubu cikhale cobvundikira kuti udzudzu usaikiremo mazira, koma cibvundikiroco cikhale ndi kabowo ka msomali kolowera mpweya, apo ai madzi amaima. Dzuwa limafunditsa madziwo masana, cimene agogo adzaciyamikira m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julai.

Cimbudzi ca dzenje ciri ndi mabvuto aceace. Pansi pa dothi lotsira pa mitengo sipapirira madzi a tsiku ndi tsiku. Dothi limafewa, mitengo imaola, ndipo tsiku lina m'dzinja pansi pamatitimira ndi munthu. Amene afuna kudzitsukira m'cimbudzi ayambe waumba silabu ya simenti yosalala, yopendekera pang'ono ku bowo, kuti madzi onse agwere m'dzenje. Asayenderere kunja kumene nkhuku zimapalasa ndi kumene ana amakwawa. Ngati dothi la pamalopo ndi la mcenga, khosi la dzenje limangidwe ndi njerwa. Lita imodzi imakwana munthu mmodzi pa ulendo umodzi, ndipo madzi ocepa otere dzenje limamwa mosabvuta, koma madzi osamba ndi ocapira asathiridwemo.

Cacikulu ndi citsime. Alangizi a za umoyo amanena kuti cimbudzi cikhale mamita osacepera 30 kucokera pa citsime kapena pa mjigo, ndipo cikhale kumunsi kwace. Madzi othiridwa m'dzenje amayenda pansi pa nthaka atasenza tizirombo. M'mbali mwa dambo, kumene madzi a pansi amakwera mpaka kuonekera m'dzenje mvula ikalimbika mu Januwale ndi Febuluwale, banja liyambe lafunsa mlangizi wa pa kiliniki lisanaonjezere madzi ena m'dzenjemo.

Kagwiritsidwe kace nkosabvuta, koma ana aphunzitsidwe. Dzanja lamanja, lodyera nsima, ligwire kampope kokha. Mutu wace usakhudze thupi. Amai ndi atsikana alozetse madzi kucokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti zonyansa zisapite ku njira ya mkodzo. Pa khomo la cimbudzi pakhale madzi ena ndi sopo, kapena phulusa ngati sopo watha, ndipo aliyense asambe m'manja potuluka. Mutu wa kampope utsukidwe kamodzi pa mlungu ndi madzi othira mankhwala a kolorini, omwe aja othira m'madzi akumwa. Za zokhalira zofunditsa madzi ndi magetsi, mwini nyumba asaziyese yekha, pakuti waya wa magetsi m'cipinda conyowa ndi nchito ya mmisiri wa magetsi wophunzira.

Ngati kampope kaikidwira nkhalamba, pa khoma lomwelo pakhomedwenso cogwirira colimba ca paipi ya citsulo kapena ca mtengo wosalala, pa msinkhu wa m'ciuno, kuti pokhala ndi podzuka akhale ndi potsamira. Ndipo wowasonyeza kagwiridwe kace tsiku loyamba akhale woyenera pa mwambo: agogo aakazi asonyezedwe ndi mwana wao wamkazi kapena mdzukulu, agogo aamuna ndi mwamuna mnzao, citseko ciri cotseka.